Munthu wa pampando wozungulira akapinda manja liwiro limakwera: nanga torque ndi energy zikuchokera kuti?

Chakachoyamba analemba kuti:

Moni akuluakulu nonse. Ndine mtsikana wa chaka choyamba m'maphunziro a sayansi ku yunivesite, ndipo pa fizikisi tafika pa mutu wa zinthu zozungulira. Nkhani ya torque payokha sikundivuta, chifukwa ku sekondale tinaiona kale pophunzira za moment: sipanala yaitali imamasula nati yolimba mosavuta kusiyana ndi yaifupi, popeza torque ndi mphamvu imene munthu wakankha nayo kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pa mzere wapakati umene chinthucho chikuzungulirapo, malinga ngati mphamvuyo ikukankha mopingasa ndi sipanalayo.

Chimene chandiimitsa mutu ndi chitsanzo chodziwika cha munthu wokhala pampando wozungulira atanyamula zitsulo ziwiri m'manja otambasula. Mnzake amamuzungulitsa pang'ono n'kumusiya, ndipo iye akapinda manja kuti zitsulozo zifike pachifuwa, amayamba kuzungulira mofulumira kwambiri popanda womukankha. Tauzidwa kuti angular momentum, ndiko kuti kuchuluka kwa kuzungulira kumene chinthu chili nako, L = Iω, siisintha ngati palibe torque yochokera kunja, choncho moment of inertia, I, imene imadalira kulemera kwa chinthu ndi kutalikira kwa kulemerako kuchokera pa mzere wapakati, ikachepa, liwiro la kuzungulira, ω, liyenera kukwera. Masamuwo ndikutha kuwachita ndipo mayankho akutuluka olondola, koma mtima wanga sukukhutira.

Pa mutu womwewo taphunzitsidwanso kuti τ = Iα, pamene τ ndi torque ndipo α ndi mlingo wa mmene ω ikusinthira pa sekondi iliyonse. Ngati torque ndi ziro, ndiye kuti α nayonso ndi ziro, ndipo ω siyenera kusintha, komabe aliyense amaona ndi maso kuti yasintha. Kodi malamulo awiriwa sakutsutsana? Chinanso, ndikawerengera kinetic energy, energy imene chinthu chili nayo chifukwa choyenda, ½Iω², ndikupeza kuti munthuyo akapinda manja imakhala yochuluka kuposa poyamba. Ngati energy siilengedwa ndiponso siiwonongeka, yowonjezerayi yachokera kuti? Ndithokoza kwambiri mukandithandiza kumvetsa zimene zikuchitika kwenikweni pampandopo, osati njira yopezera malikisi pa mayeso yokha.

Mphunzitsi wa Fizikisi analemba kuti:

Achemwali, malamulo awiriwa sakutsutsana, koma si ofanana mphamvu. Limodzi ndi lamulo lenileni, pamene linalo ndi chidule chake chimene chimagwira ntchito pa zinthu za mtundu umodzi wokha. Lamulo lenilenilo limati torque yonse yochokera kunja ndi yofanana ndi mlingo wa mmene angular momentum ikusinthira, τ = dL/dt. Popeza L = Iω, L ingasinthe chifukwa chakuti ω yasintha, kapena chifukwa chakuti I yasintha, kapena zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo mukachita differentiation ya zinthu ziwiri zochulukitsana mupeza kuti τ = Iα + ω(dI/dt). Gawo lachiwirilo limachoka pokhapokha ngati I siikusintha, ndiko kuti chinthucho ndi cholimba, sichikusintha maonekedwe, ndipo chikuzungulira pa mzere umodzi wokhazikika, monga gudumu la njinga kapena chitseko pa mahinjesi ake. Zinthu zolimba zoterezi ndi zimene Leonhard Euler anazikhazikitsira masamu ake m'buku la 1765, ndipo τ = Iα ndi yazo. Munthu amene ali mkati mopinda manja si chinthu cholimba. Mukaika τ = 0 mu lamulo lathunthu, mutsala ndi Iα = −ω(dI/dt), ndipo popeza I ikuchepa, α iyenera kukhala yoposa ziro. Liwiro likukwera torque yakunja ili ziro, ndipo palibe lamulo limene lathyoledwa.

Zimandidetsa nkhawa kuti mabuku ambiri amaika τ = Iα m'kabokosi, m'zilembo zikuluzikulu, koma mawu onena kuti imagwira ntchito pa chinthu cholimba chokha amawalemba kamodzi m'ndime imene ophunzira ambiri sawerenga. Zotsatira zake ndi zimene zakuchitikiranizi.

Pa funso la energy tiike manambala, chifukwa mawu okha samaliza nkhaniyi. Tinene kuti thupi ndi mpando pamodzi zili ndi I ya 1.8 kg m², chitsulo chilichonse chikulemera makilogalamu 2.5, ndipo manja akatambasuka zitsulozo zili pa mtunda wa 0.8 m kuchokera pakati, pamene akapindika zili pa 0.2 m. Kulemera kwa manja eniakewo tikusiye kaye kuti masamu asachuluke. Poyamba I = 1.8 + 5 × 0.8² = 5.0 kg m², ndipo pomaliza I = 1.8 + 5 × 0.2² = 2.0 kg m². Ngati munthuyo anayamba ndi ω ya 4 rad/s (ma radian 4 pa sekondi; kuzungulira kamodzi ndi ma radian pafupifupi 6.3), L ndi 20 kg m²/s, choncho pomaliza ω ndi 20 kugawa ndi 2.0, imene ndi 10 rad/s. Kinetic energy yachoka pa ½ × 5.0 × 4² = 40 J kufika pa ½ × 2.0 × 10² = 100 J. Munaona bwino, yakwera ndi 60 J, ndipo imayenera kukwera nthawi zonse, chifukwa kinetic energy ingalembedwenso kuti L²/2I, ndipo L ikakhala yomweyo I n'kuchepa, yankho limakula.

Ma joule 60 amenewa awagwirira ntchito ndi manja a munthuyo. Kuti chitsulo chiziyenda mozungulira m'malo mouluka n'kupita molunjika, dzanja liyenera kumachikokera mkati ndi mphamvu yokwana mω²r (m ndi kulemera kwa chitsulo, r ndi mtunda wake kuchokera pakati), imene pachiyambi ndi 2.5 × 16 × 0.8 = 32 N. Manja akangokhala chitambasukire, mphamvu imeneyi siigwira ntchito iliyonse, chifukwa chitsulocho sichikusunthira kumene chikukokedwera. Koma munthuyo akayamba kupinda manja, chitsulo chimayenda mtunda wa 0.6 m kulowera kumene mphamvuyo ikuloza, ndipo mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda ndiyo ntchito. Mphamvuyo siikhala yomweyo m'njira monse: pa 0.6 m ili pafupifupi 46 N, pa 0.4 m ili pafupifupi 59 N, ndipo pa 0.2 m yatsikira pa 50 N. Mukaphatikiza bwinobwino ndi integration mupeza kuti pakatikati pake ndi 50 N, ndipo manja awiri kuchulukitsa ndi 50 N kuchulukitsa ndi 0.6 m ndi 60 J ndendende. Energy imeneyi inali m'minofu ya munthuyo, yochokera ku chakudya chimene anadya. Amene anakhalapo pampando wotere amadziwa kuti kukoka zitsulozo mpando ukuzungulira ndi kolemetsa kusiyana ndi kuzikoka mpando utaima.

Injiniya wa Makina analemba kuti:

Aphunzitsi, zimene mwalongosolazi ndi zoona, koma ndiloleni ndiwonjezere mbali imodzi, chifukwa ndikuganiza kuti mchemwali wathuyu akufunsanso kuti chimene chikukankha thupi la munthuyo kuti lifulumire ndi chiyani. Kunena kuti I yachepa ndiye ω yakwera ndi kolondola, koma sikutchula dzanja limene lakankha. Thupi ndi mpando, tikazipatula pazokha, ndi chinthu cholimba ndithu, I yake ndi 1.8 kg m² kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo liwiro lake lachoka pa 4 rad/s kufika pa 10 rad/s. Pa gawo limeneli τ = Iα ikugwira ntchito popanda chokayikitsa, choncho payenera kukhala torque yeniyeni imene yalikankha. Torque imeneyo ikuchokera ku zitsulo.

Taganizirani chitsulo chimodzi pachokha. Chikanakhala kuti chikukokedwera mkati popanda china chochigwira m'mbali, chikanasunga angular momentum yake, mr²ω, ndipo pochoka pa 0.8 m kufika pa 0.2 m, ω yake ikanachulukitsidwa ka 16 n'kufika pa 64 rad/s. Thupi silingathamange choncho, ndipo chitsulocho chili m'dzanja. Chimene chimachitika ndi chakuti chitsulo chikamalowa mkati chimafuna kutsogola, n'kumakankhira dzanja kutsogolo, kumene mpando ukuzungulirira, ndipo dzanja limachibwezera m'mbuyo ndi mphamvu yofanana, monga mwa lamulo lachitatu la Newton. Thupi limalandira torque yolifulumizitsa, zitsulo zimalandira torque yozichedwetsa, ndipo ziwirizi zikaphatikizidwa zimapereka ziro. Ndiye mawu akuti palibe torque amanena za munthu, mpando ndi zitsulo zonse pamodzi. Mkati mwake torque ilimo yambiri.

Manambala a aphunzitsi akuonetsa zimenezi bwino lomwe. Poyamba zitsulo zinali ndi angular momentum ya 3.2 × 4 = 12.8 ndipo thupi linali ndi 1.8 × 4 = 7.2. Pomaliza zitsulo zatsala ndi 0.2 × 10 = 2.0, thupi lafika pa 1.8 × 10 = 18. Zitsulo zataya 10.8, thupi lalandira 10.8, ndipo zonse pamodzi zidakali 20. Ngati munthuyo anapinda manja m'sekondi imodzi, torque imene thupi linalandira inali 10.8 N m pakatikati pake, ndipo Iα ya thupilo ndi 1.8 × 6, imene ndi 10.8 yomweyo.

Pali chinanso chimene anthu ambiri amadabwa nacho akachiwerengera koyamba. Timaganiza kuti popeza chilichonse chikuzungulira mofulumira, ndiye kuti zitsulozo zikuthamanga kuposa kale, koma liwiro la chitsulo m'njira yake ndi v = ωr, ndipo poyamba linali 4 × 0.8 = 3.2 m/s, pamene pomaliza ndi 10 × 0.2 = 2.0 m/s. Zitsulo zachepetsa liwiro. Kinetic energy yazo yatsika kuchoka pa 25.6 J kufika pa 10 J, pamene ya thupi ndi mpando yakwera kuchoka pa 14.4 J kufika pa 90 J. Thupi lapindula 75.6 J, ndipo mwa amenewa 60 J achokera m'minofu, 15.6 J achokera ku zitsulo.

Kukankha kwa m'mbaliku munthu wa pampandoyo amakumva m'mikono, ngati kuti zitsulo zikufuna kupatukira mbali imodzi pamene iye akuzikoka molunjika pachifuwa. Kwa munthu amene akuzungulira nawo, mphamvu imeneyi imatchedwa ya Coriolis, potengera Gaspard-Gustave de Coriolis wa ku France, amene anailongosola mu 1835 pofufuza za makina okhala ndi ziwalo zozungulira. Kwa ife ogwira ntchito za makina si nkhani ya m'buku chabe, chifukwa madzi akamayenda kuchoka pakati kupita kunja m'kati mwa pampu yozungulira, kapena kulowa mkati m'makina opangira magetsi, torque imene shafiti imamva imachokera pa kusinthana kwa angular momentum kotereku.

Chakachoyamba analemba kuti:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, zikomonso a injiniya. Funso la τ = Iα latha, makamaka nditaona kuti pa thupi lokha lamulolo likugwirabe ntchito. Kwatsala zinthu ziwiri. Tinaphunzira kuti mphamvu yoloza pakati pa chinthu choyenda mozungulira imangosintha kumene chinthucho chikulowera, siisintha liwiro lake, chifukwa imakhala yopingasa ndi kayendedwe kake. Nanga zikutheka bwanji kuti mphamvu yomweyo igwire ntchito ya 60 J? Komanso munthuyo akatambasulanso manja n'kubwerera pa 4 rad/s, kinetic energy imatsikira pa 40 J. Kodi ma joule 60 aja amabwerera m'minofu mwake?

Wokonda Zakuthambo analemba kuti:

Achemwali, ndiyankha funso loyambalo, lachiwiri ndiwasiyira aphunzitsi. Mawu akuti mphamvu yoloza pakati siisintha liwiro ndi oona pokhapokha ngati njira ya chinthucho ndi yozungulira ndendende, mtunda wochokera pakati osasintha. Pa nthawi imene chitsulo chikulowa mkati, njira yake siikhalanso yotero. Chimazungulira uku chikuyandikira pakati, ndipo kayendedwe kake kamakhala ndi mbali ziwiri, ina yozungulira ndi ina yolowera mkati. Mphamvu yoloza pakati ndi yopingasa ndi mbali yoyambayo, koma ikuloza kumodzi ndi mbali yachiwiriyo, ndipo apo ndi pamene ntchito imagwiridwira.

Kuti muone zimenezi popanda kusokonezedwa ndi thupi ndi mpando, tengani chingwe, muchilowetse m'chibowo cha cholembera chimene mwachotsa inki, mumange nati kumapeto kwake, ndipo muizungulitse pamwamba pa mutu mutagwira chingwecho kunsi. Mukakokera chingwe pansi, nati imayandikira pakati n'kufulumira. Apa palibe chokankha m'mbali, chingwe chimangokoka molunjika pakati, choncho torque pa natiyo ndi ziro, chifukwa τ = rF sin θ, pamene θ ndi ngodya ya pakati pa mphamvu F ndi mzere wopita pakati, ndipo mphamvu yoloza pakati penipeni ili ndi sin θ ya ziro. Angular momentum, mvr, siisintha. Mukachepetsa r ndi theka, v imawirikiza kawiri, ω kanayi, kinetic energy nayonso kanayi, ndipo yonseyo yachokera m'dzanja limene likukoka chingwe. Muone kuti mphamvu imodzi yomweyo ingakhale yopanda torque koma n'kugwira ntchito yambiri. Torque imafunsa ngati mphamvu ikukankha m'mbali. Ntchito imafunsa ngati chinthu chasunthira kumene mphamvu ikuloza. Ndi mafunso awiri osiyana, ndipo ndi chifukwa chake angular momentum ingasungike kinetic energy ikusintha.

Chimene chimandikondweretsa pa nkhaniyi ndi chakuti anthu anaiona kumwamba asanaimvetse pansi pano. Johannes Kepler, pogwiritsa ntchito zimene Tycho Brahe anayeza za pulaneti ya Mars, anafalitsa mu 1609 kuti mzere wochokera pa dzuwa kufika pa pulaneti umasesa malo ofanana kukula pa nthawi zofanana, kutanthauza kuti pulaneti imathamanga ikayandikira dzuwa ndipo imachedwa ikatalikira. Kepler sankadziwa za angular momentum. Isaac Newton ndiye anadzasonyeza mu Principia ya 1687, m'mfundo yoyamba yeniyeni ya buku loyamba, kuti zimenezi ziyenera kuchitika pa mphamvu iliyonse yoloza pa malo amodzi, kaya ikhale yaikulu motani kapena isinthe motani ndi mtunda. Mphamvu yokoka ya dzuwa ndi yotero, ndipo ikuchita pa pulaneti zimene chingwe chikuchita pa nati.

Mungayese nokha ndi manambala a dziko lathu lapansili. Kumayambiriro kwa Januwale dziko limakhala pafupi kwambiri ndi dzuwa, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 147 miliyoni, ndipo limayenda pa liwiro la makilomita 30.3 pa sekondi. Kumayambiriro kwa Julaye limakhala kutali kwambiri, pa makilomita pafupifupi 152 miliyoni, ndipo liwiro limatsikira pa makilomita 29.3 pa sekondi. Pa malo awiri amenewa kayendedwe ka dziko ndi kopingasa ndi mzere wopita ku dzuwa, choncho mungangochulukitsa r ndi v: 147 × 30.3 ndi 152 × 29.3 zonse zikupereka pafupifupi 4454. Pano ndichenjezeko kuti kuyandikira kumeneku si kumene kumabweretsa nyengo yotentha ndi yozizira, ngakhale kuti kwathu kuno Julaye ndi mwezi wozizira. Nyengo zimabwera chifukwa mzere umene dziko limazungulirapo ndi wopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.4, ndipo Julaye yemweyo ku Ulaya kumakhala kukutentha.

Kusiyana kwa liwiro kumaoneka kwambiri pa nyenyezi ya mchira ya Halley, imene inayandikira dzuwa komaliza mu 1986. Ikafika pafupi kwambiri imakhala pa mtunda wochepera pang'ono magawo 6 mwa 10 a mtunda wa dziko lapansi kuchokera ku dzuwa, ndipo imathamanga makilomita oposa 54 pa sekondi; ikafika kumapeto kwa ulendo wake, kuseri kwa njira ya Neptune, imakhala kutali kuwirikiza ka 35 mtunda womwewo, ndipo liwiro lake silikwana kilomita imodzi pa sekondi. Kusiyana kwake ndi mpando wanu uja ndi kumene energy ikuchokera. Pa nyenyeziyi kinetic energy imasinthana ndi potential energy ya mphamvu yokoka ya dzuwa, ndiko kuti energy imene imasungika nyenyeziyo ikamatalikira dzuwa, ndipo imene yatayika potalikira imabwezedwa yonse poyandikiranso.

Mphunzitsi wa Fizikisi analemba kuti:

Achemwali, ma joule 60 aja sabwerera m'minofu monga energy imene munthu angaigwiritsenso ntchito. Potambasula manja, dzanja limakokerabe chitsulo mkati kuti chisathawe, koma chitsulocho chikupita kunja, mosemphana ndi kumene mphamvu ikuloza. Ntchito ya dzanja pa nthawiyi ndi −60 J, ndiko kuti minofu ikulanda energy ku zinthu zozungulirazo, monga imachitira munthu akamatsitsa katundu wolemera pang'onopang'ono. Minofu siingasandutse energy imeneyo kukhala chakudya chosungidwa, choncho pafupifupi yonse imasanduka kutentha m'thupi. Mukanachotsa manja n'kuikapo masipuling'i abwino, energy ikanasungika m'masipuling'imo n'kubwereranso, ndipo zikanafanana ndi za nyenyezi ya Halley zimene mnzathu walongosola. Munthu akamapinda ndi kutambasula manja mobwerezabwereza amatopa ndithu, ngakhale kuti mpando umangosinthasintha pakati pa liwiro lalikulu ndi laling'ono lomwelo.

Ndikulimbikitsani kuti muyese zimenezi ndi mpando wa mu ofesi wozungulira, mutanyamula mabotolo awiri a madzi a malita 2, amene lililonse limalemera pafupifupi makilogalamu 2, ndipo mnzanu ajambule kanema pa foni kuti muwerenge nthawi imene mukutenga pozungulira kamodzi. Mupeza kuti mukatambasulanso manja simubwerera pa liwiro loyamba lija ndendende, ndipo pakapita kanthawi mpando umaima. Kumeneko si kulephera kwa lamulo. Kukhulana kwa zitsulo za pansi pa mpando ndi torque yochokera kunja, imene m'masamu athu aja tinaitenga ngati ziro, ndipo angular momentum imene mukutaya imadutsa m'miyendo ya mpando kupita ku dziko lapansi, limene I yake ndi yaikulu kwambiri kotero kuti palibe chida chimene chingaone kusinthako. Pindani manja mwachangu kuti kukhulanako kusakhale ndi nthawi yokwanira yosokoneza zimene mukuyeza.

Pa mayeso, musanalembe samu iliyonse, dzifunseni kaye kuti mwazinga malire kuzungulira zinthu ziti, ndiponso ngati pali torque imene ikudutsa malirewo. Ngati palibe, angular momentum ya zonse za mkati siisintha. Funso la energy ndi lapadera, ndipo yankho lake silichokera pa loyambalo. Ophunzira ambiri amataya malikisi chifukwa choganiza kuti china chikasungika ndiye kuti chinacho chasungikanso.

Injiniya wa Makina analemba kuti:

Pa mfundo yomaliza ya aphunzitsiyi ndipereke chitsanzo chotembenuza nkhani, chimene angular momentum imasungika koma kinetic energy n'kutsika, chifukwa mafunso otere amabwera kawirikawiri ndipo ndi zimene zimachitika mu clutch ya galimoto. Tengani chimbale chachitsulo chokhala ndi I ya 0.5 kg m² chimene chikuzungulira momasuka pa 40 rad/s, kotero kuti L ndi 20 kg m²/s ndipo kinetic energy ndi ½ × 0.5 × 40² = 400 J. Pamwamba pake mugwetserepo chimbale china chofanana nacho chimene sichikuzungulira. Ziwirizi zimayamba zatererana, kenako zimagwirana n'kumazungulira limodzi. Kukhulana kwa pakati pazo ndi kwa mkati, choncho L idakali 20, I yafika pa 1.0, ndipo ω ndi 20 rad/s. Kinetic energy tsopano ndi ½ × 1.0 × 20² = 200 J. Theka lasanduka kutentha. Wophunzira amene angayambe ndi kunena kuti ma joule 400 asungika apeza ω ya pafupifupi 28 rad/s, ndipo yankho limenelo ndi lolakwa.

Chimene ndimafuna kuti ophunzira azichiona apa ndi chakuti kuchuluka kwa energy yotayikayo sikudalira kukhakhala kwa zimbalezo. Gwiritsani ntchito τ = Iα pa chimbale chilichonse pachokha, popeza chilichonse ndi cholimba. Ngati kukhulana kukupereka torque ya 5 N m, chimbale chapamwamba chimafulumira ndi 10 rad/s², chapansi chimachedwa ndi mlingo womwewo, ndipo zimakumana pa 20 rad/s pakatha masekondi 2. M'nthawi imeneyi kusiyana kwa liwiro lazo kumatsika kuchoka pa 40 kufika pa ziro, pakatikati pake ndi 20 rad/s, choncho zimatererana ma radian 40, ndipo kutentha ndi torque kuchulukitsa ndi ma radian amenewa, 5 × 40 = 200 J. Mukaika zimbale zokhakhala kwambiri kuti torque ikhale 10 N m, zimagwirana m'sekondi imodzi, zimatererana ma radian 20 okha, ndipo 10 × 20 ndi 200 J yomweyo. Kukhakhala kumasintha nthawi yogwirana, koma kutentha kumene kuyenera kutuluka kunakhazikika kale ndi I ya zimbale ziwirizo ndi kusiyana kwa liwiro lazo pa nthawi imene zinakhudzana.

Pa galimoto nkhaniyi imakula pang'ono, chifukwa injini imapitiriza kupereka torque clutch ikutererabe, ndipo imeneyo ndi torque yochokera kunja kwa zimbale ziwirizo. Dalaivala akamaponda mafuta ambiri uku akuchedwa kutula phazi pa clutch, kusiyana kwa liwiro kumakhalabe kwakukulu kwa nthawi yaitali, ma radian otererana amachuluka, ndipo kutentha kumaposa kumene kukanatuluka pa kugwirana wamba. Kutentha kumathanso kukula ngati ayambira m'giya yaikulu kapena pa chitunda galimoto italemedwa, chifukwa mbali ya magudumu imatenga nthawi yaitali kuti ifike pa liwiro la injini. Achemwali, mukafuna kudziyesa, bwerezani samu ya zimbale ija koma chapamwamba chikhale ndi I ya 1.5 kg m² m'malo mwa 0.5, muyenera kupeza ω ya 10 rad/s ndi kutentha kwa 300 J, ndipo muyese ndi torque ziwiri zosiyana kuti muone ngati 300 J imeneyo isintha.